Chimbale cha Mkuwa ku Rugare

Bambo atamwalira tinachipeza pansi pa bedi,
chokulungidwa m'ovolosi yakale ya kunjanji:
chimbale cha mkuwa, kukula ngati chivindikiro cha poto,
chili ndi mabowo anayi momwe munkalowa mabawuti.
Zilembo zinatha n'kusisitidwa ndi zala.
Chinatsala n'chaka chodukira pakati, 18 ndi kenakake,
ndi theka la dzina la mzinda wina wa ku Amereka.

Bambo sankawerenga Chingerezi,
koma mbiri ya chimbalechi ankaidziwa yonse,
poti anaipeka okha.
Lamulungu masana, pakhonde la nyumba ya kampani,
ankachiika pabondo n'kuyamba:
Mzungu amene anapanga sitima imeneyi
anayamba n'kusula zikwakwa ndi mahinjesi a zitseko.
Injini yake yoyamba inayenda mayadi makumi awiri,
phuu! n'kuphulika,
ng'ombe za dera lonselo zinaumitsa mkaka sabata yathunthu.
Yachiwiri inaona chitunda n'kukana,
olemera amene anabwera kudzaikwera
anavula majekete n'kuikankha.
Yachitatu inapita osacheuka.

Mapeto ake ndiwo sankakhazikika.
Lamulungu lina mzunguyo ankafa wolemera,
maliro ake akulizidwa ndi mluzu wa sitima makumi asanu.
Lamulungu lina ankafa ndi ngongole mpaka m'khosi,
fakitale itamezedwa ndi anzake akuluakulu,
dzina lake atalipala pachipata.
Tinazindikira mochedwa, ife ana,
kuti zinkatengera ngati penshoni yafika mwezi umenewo.

Sitimayo iwo sanaione ikuyenda.
Anaipeza itafa kale kuseri kwa shedi,
udzu utamera m'chumuni, njuchi zitamanga m'ng'anjo,
chaka chimene anafika kuchokera ku Ntcheu
wapansi, kudzera ku Tete,
nsapato zili pakhosi kuti zisathe.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ku Lochinvar
akudyetsa malasha sitima zina,
fosholo ikudya zikhatho,
chifuwa chikusunga mwaye wa kampani.
Kumudzi ankati mtchona.
Kuno ankati wobwera.
Sitimayo, ankatero, ndi mnzanga:
nayonso inawoloka madzi, ndipo palibe anabwera kudzaitenga.

Funso limodzi lokha ndi limene ankalisiya lopanda nthano.
Nanga amene ankasungunula chitsulocho,
amene ankakhoma misomali yamoto mpaka kugontha,
mayina awo ali mbali iti?
Ankachitembenuza. Kumbuyo kunali see.

Mwezi watha fizi ya Tadala inandithina.
Ndinachikulunga m'nyuzipepala, ulendo ku Siyaso.
Mudzingwa wogula zitsulo anachiponya pasikelo
ngati mutu wa nsomba,
nati makilo awiri ndi pang'ono,
natchula mtengo wosakwana ngakhale yunifolomu.
Ndinaima. Kombi zinkakuwa, magalayindala akulira,
wina akuwotcherera wilibala pafupi ndi phazi langa.
Ndinati ndibweranso.

Sindinapite kutali.
Mzere wachitatu pali mnyamata wokhoma manambala a galimoto.
Ndinam'patsa ndalama yanga ya basi,
ndinam'lembera dzina papepala la buledi.
Anachigoneka chafufumimba pachidutswa cha njanji,
nkho! nkho! chilembo chimodzichimodzi:
ZAKEYU MKWAPATIRA, WOTHIRA MALASHA.
K wachiwiri anapendekeka,
ngati munthu wosenza thumba.
Ndinati asiye choncho.

Ndinabwerera wapansi, motsata njanji,
chimbale chikutentha m'khwapa.
Palibe sitima inadutsa.
Mbuzi zinkadya pakati pa zitsulo ziwirizo,
amayi ena atayanika chimanga pamiyala.

Kumanda sindingachiike, mkuwa sugona panja mumzinda uno.
Chili pawindo, chikuletsa katani kuuluka.
Fizi ndinakongola kwa a Nachisale.
Dzulo Tadala wachitenga, wafunsa kuti mzunguyo anatha bwanji.
Ndinayang'ana kaye m'chikwama changa
ndisanayankhe.